Usacheuke, Akuitana Okha

Ndinali kuzira m'nyumba tsiku limene Feston anabwera ndi nkhani ya ntchito. Munali mu Ogasiti wa 1996, mphepo ikuulutsa fumbi m'minda ya thonje. Ndinali nditagwada, manja ali dothi lokhalokha, ndikubwerera cham'mbuyo kuloza kukhomo, pamene mthunzi wa munthu unanditchingira kuwala. Mlongo wangayo anangoima panja, osaponda pamene ndinazira. Ngakhale atakondwa bwanji, Feston sankaononga ntchito ya mnzake.

"Achemwali, anditenga," anatero motsitsa mawu.

Bungwe lina lokumba mijigo linali litatsegula ofesi ku Golomoti, ndipo linkafuna munthu woyang'anira nyumba yosungiramo mapaipi ndi simenti. Feston anamaliza Folomu 4 kalekale, n'kumangolima nafe. Tsopano anali atapambana anzake pa mafunso, ndipo anamuuza kuti abwere Lolemba adzakambirane za malipiro. Amayi atamva anasiya nandolo amene ankasenda, nachita chizindikiro cha mtanda. Ine ndinaiwala za dothi n'kumugwira malaya ake oyera. Anangoseka.

Bambo athu, a Kaliati, anali ogulitsa mbuzi. Ndikatseka maso ndimawaonabe akubwera kuchokera kumsika, chingwe atachikulunga paphewa, m'manja muli nzimbe za ife ana. Sankabwera chimanjamanja ngakhale tsiku loti malonda avuta. Sankanamiza munthu. Mbuzi ikakhala yotsimphina ankayamba iwo kuuza wogula. Koma pa nkhani ya mtengo panalibe wowaposa kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Golomoti. Ankati munthu akatchula ndalama koyamba amakhala akungokuyesa, ndipo ukavomera msanga amayamba kukayikira katundu wako. Njira yawo inali imodzi. Ankathokoza, n'kukoka mbuzi yawo, n'kumapita pang'onopang'ono osayang'ana m'mbuyo. Asanafike patali wogula ankawaitana.

Loweruka madzulo anakhazika Feston pakhonde kuti amuphunzitse. Iwo anakhala pampando ngati bwana wa muofesi, navala magalasi a amayi owerengera nyimbo, ndipo tonse tinafa nazo kuseka. Anamuuza kuti akamva ndalamayo asamwetulire. Anene kuti yachepa, athokoze mwaulemu, anyamuke.

"Koma usathamange ngati wakuba. Uyende ngati miyendo ikukupweteka. Ndipo usacheuke, akuitana okha."

"Inu abambo ake Enifa, mwanayu si tonde," amayi anatero, powaitana ndi dzina la ine mwana wawo.

"N'chifukwa chake. Tonde wanga sanapitepo motchipa, ndiye mwana wanga apite motchipa?"

Feston anayesa kunena kuti anamva zoti m'maofesi munthu amakhala pansi n'kutchula yekha ndalama imene akufuna. Bambo anayankha kuti ogula ndi amodzi kulikonse, kaya avala tayi kaya ayi. Feston anangovomera. Sanali mwana wotsutsana ndi bambo ake. Lamulungu titabwerako ku Misa ku Mua, ndinawaona bambo ali kuseri kwa nkhokwe, akupolisha nsapato za Feston ndi manja awo. Anamubwerekanso jekete lawo la kutchalitchi.

Lolemba ndinapita nawo, poti ndinali ndi chimanga cha kuchigayo. Ine ndi bambo tinakhala pansi pa mtengo wa mango tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi ofesiyo. Ndinkapemphera kolona chamumtima. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, Feston natuluka. Ankayenda monga anamuphunzitsira, pang'onopang'ono, khosi lili chilili, manja a jekete akumubisa zala.

"Taona, atuluka pompano kudzamuitana," bambo anandinong'oneza.

Feston anadutsa pageti. Mlonda anangomugwedezera mutu. Anawoloka msewu, nafika pamene tinali. Chitseko chija sichinatsegukenso. Bambo anati tiyende ndithu, ogula ena amachedwa kuganiza. Tinayenda mpaka kuchigayo popanda wotiitana. M'njira Feston anatiuza ndalama imene anamutchulira. Sindikuikumbukanso, koma ndikukumbuka kuti inali yoposa imene thonje lathu linkabweretsa.

Sabata yonseyo bambo ankati a bungwe aja atumiza galimoto. Anasuntha mpando wawo n'kuuika poyang'ana njira yochokera kumsewu waukulu, ndipo injini ikamveka patali ankasiya kulankhula. Feston anapinda jekete lija bwinobwino, nalibweza m'sutikesi, n'kubwerera kumunda kukazula mitengo ya thonje. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Madzulo aliwonse ankawatengerabe bambo madzi osamba kubafa monga mwa masiku onse, n'kuwauza kuti madzi apita. Ndikuganiza kuti zimenezi n'zimene zinkawapweteka kwambiri. Amayi nawo sananene kuti ndinakuuzani. Ankangoika chiwindi cha nkhuku m'mbale ya Feston, chimene kwathu chinali cha bambo, ndipo bambo ankachita ngati sakuona. Lamulungu lotsatira ku Mua sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi, munthu woti mawu ake ankamveka mpaka panja.

M'moyo wawo wonse bambo sanabwererepo kwa wogula amene anamusiya. Ankati wobwerera wataya kale ulemu ndi mtengo womwe. Choncho Lachiwiri m'mawa atandiuza kuti ndivale tipite ku Golomoti, ndinadziwa kuti sanagone. Feston sitinamuuze.

Mkulu wa ofesiyo anali Mayi Grace, mzimayi wa ku Lilongwe wolankhula mofatsa. Ataona fumbi kumapazi athu anatipatsa mipando, natitungira yekha madzi akumwa, napereka kaye kwa bambo ndi manja awiri. Bambo anadzitchula kuti ndi bambo ake a Feston Kaliati, ndipo abwera kudzamva ngati nkhani ija ingakambidwenso. Mayiyo anayang'ana patebulo. Kenako anafotokoza kuti ntchito anaipereka Lachisanu kwa mnyamata wa ku Mtakataka amene anali wachiwiri pa mafunso. Nayenso anati ndalama yachepa, koma anakhala pampando n'kunena imene akufuna, ndipo anagwirizana chapakati. Mayiyo anati Feston ndi amene ankamufuna, ndipo mpata wowonjezera unalipo. Ankadikira kuti atchule yake. M'malo mwake mwanayo anathokoza n'kutuluka, ndipo iwo anaima pazenera n'kumamuyang'ana mpaka anawoloka msewu.

"Ndiye munamuona," bambo anatero. "Nanga bwanji simunamuitane?"

"Bambo, munthu wamkulu wathokoza, watsazika mwaulemu wake. Ndikanamukuwira pamsewu ngati mwana? Ndinaganiza kuti wapeza kwina kwabwino, ndipo mumtima ndinamufunira zabwino."

Bambo anatembenuza chipewa chawo m'manja. Sanafotokoze za mbuzi. Anangoti mwanayo alibe mwano, ndipo maganizowo sanali ake. Mayi Grace anati amva, ndipo anatiperekeza mpaka pageti.

Pobwerera bambo anaima pa mzimayi wina wogulitsa nzimbe, Mayi Dorica, amene ankakangana naye mtengo mwanthabwala kwa zaka zambiri. Atatchula mtengo, bambo anangopereka osanenerera. Mayi Dorica anawayang'ana, nayang'ana ine. Anadula nzimbe ina n'kuiwonjezera.

Papita zaka tsopano. Bungwe lija linachoka, mtengo wa mango uja anaudula, ndipo bambo anatisiya. Feston anadzapeza ntchito ina ku Salima, koma panadutsa mvula zingapo akulimabe thonje. Ndikamawapempherera bambo sindiyamba ndi kukumbukira msika, kapena nyimbo zawo za ku Mua. Chimabwera choyamba ndi masana a tsiku limenelo.

Titafika kuchokera kwa Mayi Grace, bambo sanalowe m'nyumba. Anandipatsa nzimbe, nalunjika kumunda, ine ndikuwatsatira chapatali. Feston anali kutentha milu ya mitengo ya thonje, nkhope ili phulusa. M'minda yoyandikana munali anthu, ena mwa iwo amene ankabwera kwa bambo kudzafunsa nzeru za malonda. Feston atawaona anasiya chimtengo chosonkhezera moto kuti awapatse moni, koma bambo anakweza dzanja. Anavula chipewa. Sanamutengere pambali, ndipo sanatsitse mawu.

"Feston, ntchito ija apatsa wina. Anali okonzeka kukuwonjezera ukanangokhala pansi monga unanenera. Iwe unadziwa, ine sindinakumvere. Ndine ndakutayitsa. Mwana wanga, undikhululukire."