Msitu Nambala 47

Mapuwo ndidajambula ndine, Kalekeni, ndipo ndidanyada nawo mpaka anzanga kutopa nane. Mudali mu 1991, ndikuchita digiri yachiwiri ku Ulaya, komwe tinkaphunzira kulowetsa mu kompyuta zithunzi zojambulidwa pa ndege kuti itiwerengere za pansi. Ine ndinkafufuza kuti m'dera la fodya ku Kasungu mwatsala mitengo yochuluka bwanji.

Kompyuta idapeza timisitu 112, timadontho tobiriwira pakati pa minda yambee, kalikonse ndi nambala yake pamapupo. Lamulo la ntchitoyi n'lakuti kadontho kalikonse ukakaponde ndi mapazi, uone chomwe chilipo. Nditabwera kuno ndidaponda makumi awiri okha. Kalata yondiloleza kuyenda m'midzi idachedwa, komanso masiku amenewo munthu wofunsafunsa za malo, kope lili m'manja, a chipani ankamufunsa naye mafunso. Ndidachita mantha, ulesi nawonso udalipo. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinkathamangira digiri. Totsalato ndidangolemba kuti "mitengo yosagwiritsidwa ntchito", n'kusiya mapu ena ku ofesi ya boma monga chilolezo chinkanenera.

Patatha miyezi isanu, ndili ku Lilongwe, malume anga a Lameki adandiitanitsa kwathu, kuseri kwa Mtunthama. Sadandilonjere bwino. Adangoti nditsate, ndipo panjira tidapatukira thirakitala ya esiteti yoyandikana nafe, itasenza zipika za muwanga zokaumitsira fodya m'mabalani.

Tidaima pamalo oti mbee, pali zitsa zokhazokha ndi mikwasa ya matayala. Ndidayang'ana chulu, ndidayang'ana dambo, mtima udangoti phwii. Apa n'pomwe padali manda athu, pomwe tidaika mayi anga patsinde pa msuku.

"Tidawauza kuti pano pagona anthu," adatero malume motsitsa mawu, atayamba ayang'ana uku ndi uku. "Kapitawo adatulutsa pepala, ati boma lidaona kuchokera kumwamba kuti mitengoyi ilibe ntchito. Tikadatani? Mwini esitetiyo ngakhale dzina lake sititchula."

Adapisa m'thumba la jekete n'kundipatsa pepala lomwe kapitawoyo adawaponyera. Nambala 47 idali itazunguliridwa ndi bolopeni. Pansi kungodya padali dzina langa, lolembedwa bwinobwino monga ndinkafunira.

Manyazi adandigwira, mkwiyo udandigwiranso, koma womukwiyira adali ndani? Mwana wa Mchewa ine, kuiwala kuti mitengo ikatsala yokha pakati pa minda ndiye kuti pali manda! Ndidaganizanso za timadontho tina tija, toposa makumi asanu ndi anayi, tomwe sindidapondeko.

"Malume, kuchokera kumwamba misitu yonse imafanana. Sindidadziwe."

"Usandiuze za kumwamba, mphwanga. Ine sukulu ndidalekeza sitandade fili." Adakhala pachitsa, navula chipewa. "Tikufuna tiunjikenso mtumbira wa mlongo wanga mvula isanagwe. Ife tafunafuna, talephera. Poti iwe udaphunzira zopeza malo, tiloze. Mayi ako agona pati?"

Ndidayamba kuyenda pakati pa zitsa, mapu ali m'manja. Zitsa za msuku zidalipo zisanu ndi ziwiri. Ndidazizungulira katatu, malume akundidikira.