Chitsulo Chokhala ndi Belu

Bambo ake a Mervin anamwalira asananene kuti chinthucho chinali chiyani. Anachigula pomwe famu ina ya ku Palabana inkagulitsa katundu wakale, nabwera nacho ku Kanakantapa pa ngolo. Patangotha masabata awiri anagwa m'dimba la tomato, osadzukanso. Chinthucho chinatsala m'shedi: chitsulo cholemera chofika m'chiuno, chamiyendo inayi, chokhala ndi chopukusira pambali, ndipo pa chopukusiracho panali kabelu. Dzina lake linali litadyeka ndi dzimbiri.

Mervin anachoka ku koleji ku Lusaka sabata ya maliro ndipo sanabwererenso. Ankakhalira m'shedimo, momwe iye ndi bambo ake ankapalira mkuwa ndi tupa Loweruka lililonse, kupanga timagudumu ndi nguli zoti palibe anazipempha. M'menemo mokha ndi momwe munthu sankamufunsa kuti tsopano waganiza zotani.

Kenako anafika a Langford, mkulu wawo wa malemu, kudzakonza zogawa katundu. Anayendera shedi yonse manja ali kumbuyo.

"Chosebenza muno mu shedi chisala na mwana mwamuna," anatero. "Sikilapu izayenda na Terrence wogula visulo vakale, abwera na lole pa Chibelu. Nanga ichi ni chani?"

"Siniziba, atate aakulu."

"Iwe wa ku koleji suziba? Ninshi ni sikilapu."

"Sichizayenda."

A Langford anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Unionese kuti chisebenza pamaso pa banja. Ukakangiwa, chikwera lole."

M'mawa mwake Mervin anamasula mutu wa chinthucho. M'kati munali timbale tachitsulo tonga zipewa, tovundikirana. Anatimanga pa njinga n'kuyamba kufunsa. Makaniko wa ku Chongwe anati ndi pampu. Wowotcherera zitsulo analumbira kuti ndi chopera nsinjiro. Dzuwa litapendeka anafika ku Palabana, naima kuti amwe mabisi, mkaka wosasa uja, kwa mayi wina wogulitsa m'mbali mwa msewu, a Rosaria. Mayiwo ataona timbaleto anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Mwana wanga, waichosa kuti separeta? Iyi inali kupatula mafuta ku mukaka. Inanityola msana iyi! Ili na kabelu?"

"Ili nako. Kalila chabe, nganiza kanaonongeka."

"Kaonongeka ndiwe! Kalila ngati upukusa mwaulesi. Ukafika pa sipidi yake, kakhala zii. Apongozi anga anali kumvelela ali ku khola. Kakangolila, ati, Rosaria wagona!"

Mervin anapalasa njinga kubwerera. Atafika anapukusa mwamphamvu, kabelu kanalira, kanalira, kenako kanaleka, ndipo chitsulo choimirira chapakati chinkazungulira mwaliwiro loti maso sankachiona. Apo anamvetsa. Bambo ake analibe ng'ombe ngakhale imodzi. Chimene anagula chinali liwirolo.

Anatenga mutu wa dirilo yakufa, uja wopana chitsulo, nakauwotcheretsa pamwamba pa chitsulo chapakaticho. Koyamba unakhala mopendama, mkuwa n'kumavina ngati woledzera. Anaudula, nayambiranso. Lachisanu unakhala bwino. Koma atapanitsa kachidutswa ka mkuwa n'kutenga tupa, anapeza vuto lomwe sanaliganizire: tupa imafuna manja awiri, chopukusira chimafunanso ake. Makinawo anali a anthu awiri. Anakhala pansi pa thumba la feteleza nthawi yaitali, akuyang'ana mbali imene bambo ake akanaima.

Loweruka, Chibelu chija ananena a Langford, banja linasonkhana pabwalo. Amayi ake, a Agatha, anakhala pamphasa chakumbali atafunda chitenje chakuda, poti mwambo wa kwawo sulola namfedwa kulankhula pomwe katundu wa mwamuna wake akugawidwa. Njinga inapita, masuti anapita, wailesi inapita. Terrence anali atayamba kale kukweza malata akale pa lole yake. Anthu anayi anatulutsa chitsulo chija m'shedi n'kuchiika pakati.

"Tione, injiniya," anatero a Langford.

Mervin anapukusa ndi dzanja lamanzere, tupa ili kumanja. Kabelu kanalira, ngeee, ngeee, osaleka. Tupa inadumpha n'kumukala chala. Azisuweni anaseka.

"Iyi ni ya kuitanila anthu ku chalichi," anatero Terrence. "Bweletsani kuno, bosi."

"Nifuna munthu anipukusileko," anatero Mervin, magazi akudontha pa fumbi.

Palibe anasuntha. Onse ankayang'ana a Langford, ndipo a Langford ankayang'ana kumwamba.

Ndiye a Agatha anadzuka. Anamanga chitenje m'chiuno, nayenda pakati pa abale a mwamuna wawo mpaka pa makinawo.

"Mulamu, khalani pansi," anatero a Langford. "Muziba mwambo."

"Munati nisakambe. Sinikamba, nipukusa." Anagwira chopukusira ndi manja onse awiri. "Iwe, nichite bwanji?"

"Pukusani mpaka belu ileke, amayi. Ikaleka, musachepese."

Anapukusa. Mikono yomwe inalima dimba zaka makumi awiri sinavutike nacho. Kabelu kanalira kasanu, kasanu ndi kamodzi, kenako kanati zii, ndipo panatsala kulira kwa magiya kokha, kotsika, kosalala. Mervin anagwira tupa ndi manja awiri n'kuigunditsa pa mkuwa. Fumbi lachikasu linamwazika pa mikono yake. Anasongola nsonga, nakumba kakhosi, nasalaza ndi sandipepa. Palibe ankasekanso. Atadula, anaponya kanthuko pa thireyi ya tiyi yomwe inali patsogolo pa a Langford, ndipo nguli ya mkuwa inaima pa nsonga yake pakati pa makapu, ikuzungulira ngati yaima.

A Langford anaiyang'ana mpaka inagwa.

"Manje aka kazakudyesa?"

"Iyayi."

"Kazakubweza ku koleji?"

"Iyayi, atate aakulu. Koma munati chosebenza chisala."

Azakhali ena kumbuyo anatsokomola, kapena ankaseka. A Langford anatola nguliyo, naitembenuza, naibweza pa thireyi.

"Mutu kuuma monga atate ako," anatero. Kenako anakweza mawu: "Terrence, tenga malata ako uyende. Ichi chisiye."

Lole inatuluka pa geti. Anthu anabwerera ku nkhani ya mapoto ndi mabulangete. A Agatha sanabwerere pamphasa. Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, nagwiranso chopukusira.

"Uyangana chani?" anatero. "Ikamo chinango."