Sindipaka Laimu Chipilala Chimenecho

Vuto linayamba tsiku limene komiti ya msika inasuntha mabenchi. Pofuna kukonza ngalande ya madzi, ogulitsa tomato anawakankhira kumtunda, ndipo benchi ya mayi Regina inakagwera patsinde penipeni pa chipilala cha a Makwinja.

Amene simukadziwa kamsika kathu ka ku Bangwe, imvani. Pakhomo pake pali chipilala cha simenti, pamwamba pake pali mutu wa munthu wovala chipewa. Ameneyo ndi malemu Blackson Makwinja, amene anali tcheyamani wa dera lino nthawi ya chipani chimodzi. Ndi iwo anabweretsa mpopi woyamba, ndi iwonso anamangitsa shedi ya msika. Ngakhale siteji ya minibasi inkatchedwa pa Makwinja. Ndiye panali mwambo wakuti amene benchi yake yayandikana ndi chipilalacho azisesapo m'mawa uliwonse, ndipo chaka chikamatha azichipaka laimu. Palibe anaulemba mwambowu, koma aliyense ankaudziwa.

Wapampando wa msika anafika ndi ndowa m'manja.

"Mayi, laimu uyu. Loweruka achibale a malemu akubwera kudzaika nkhata."

"Bwererani naye laimu wanuyo," anayankha mayi Regina, uku akusanja tomato. "Ine sindipaka."

"Ndiye benchiyi muisiyire wina."

"Pa benchi sindichoka, chipilala sindipaka. Kanenani kumene mukufuna kukanenako."

"Ndakupatsani mpaka Lachisanu," anatero wapampandoyo, nasiya ndowa ija pomwepo.

Ambiri tinangoti ndi mwano. Paja mayiyu tinkamudziwa kale kuti ali ndi zake. Akamachokera kopikula, ankatsikira siteji ya kumunsi n'kukwera chitunda chonse dengu lili pamutu, pomwe minibasi imaima pakhomo pa msika. Tinkamuseka kuti akufuna kuchepetsa thupi. Sitinkadziwa kuti pakamwa pake pankakana kutchula dzina la sitejiyo.

Amene ankadziwa chifukwa chake ndi mwana wake Yakobe, bambo wa ana awiri, wowotcherera zitsulo. Mayi Regina ali kamtsikana, ankaperekeza bambo awo a Gabriel kudzagulitsa nthochi pamsikawu. Tsiku lina anyamata a chipani anawapeza a Gabriel alibe khadi la chipani. A Makwinja analamula kuti awagoneke m'matope, ndipo anawakwapula mwana wawo akuona. A Makwinja eni ake anawaponda pakhosi ndi nsapato. Kenako anawakweza galimoto. Atabwerako patapita miyezi anali munthu wongotsala mafupa, ndipo mvula ya chaka chimenecho sanaione.

Mayi Regina atapita ku shopu ya Yakobe kukamuuza za ndowa ya laimu, magazi ake anawira. Masana omwewo anatseka shopu, natenga hamala yaikulu ija amaphwanyira miyala, n'kuyamba kutsetsereka kulowera kumsika. Mayi ake ankamutsatira pambuyo. Kunena zoona, sankamuletsa.

Pakhonde la golosale, a Haruna anaimitsa makina awo osokera. Bambowa ndi telala, komanso ali m'komiti ya chitukuko ya dera lathu.

"Yakobe! Hamala imeneyo ikupita kukagwira ntchito kwa ndani?"

"Madala, lero lokha musandiyankhule. Kamutu kaja ndikukagwetsa. Masteni asese pamapazi pa munthu amene anapha agogo? Ayi, zimenezo ndiye ayi!"

"Msiyeni apite, bambo Haruna," anatero mayi Regina. "Ndapirira mokwana."

A Haruna anadzuka n'kuima pakati pa njira.

"Mkwiyo wanu ndi woona, mayi, sindikutsutsani. Koma tamvani zimene zichitike. Akangomenya kamodzi, apolisi amutenga, chifukwa kuwononga chinthu cha pagulu ndi mlandu. Mawa Bangwe yense azidzakamba za mnyamata wosokoneza, za a Gabriel palibe adzazitchule. Kenako achibale adzamanga china, chachitali kuposa chimenechi."

"Ndiye tizingoyang'ana?" anafunsa Yakobe.

"Ndani wati muzingoyang'ana? Kupaka laimu palibe lamulo lokukakamizani, ndipo benchi sangakulandeni pa chifukwa chimenecho. Za chipilala, tipite kwa akhansala tikapemphe msonkhano wa anthu onse. Malo aja ndi a khonsolo, ndipo khonsolo imamva zimene anthu agwirizana. Nthawi ya a Makwinja munthu ankangolamula, ena n'kumanjenjemera. Inunso mukufuna mulamule ndi hamala? Kayankhuleni pagulu, masana, dzina lanu likudziwika. Chimene iwo ankaletsa n'chimenecho."

Mayi Regina anayang'ana mwana wawo, thukuta lili kamukamu, mitsempha ya m'khosi itatupa. Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsa hamalayo."

"Koma masteni..."

"Ndati bweretsa. Munthu ameneyu ananditengera bambo ali moyo. Sanditengeranso mwana ali wa simenti."

Akhansala anavomera, ndipo anauza wapampando wa msika kuti benchi asaikhudze. Msonkhano unachitikira m'shedi momwemo, ndipo anthu anadzaza mpaka ena kukwera pamatumba a makala. Kutsogolo kunakhala mayi Helena, mwana wa malemu Makwinja, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu waulemu wake. Ndi iwo anayamba kuyankhula.

"Bambo anga asanabweretse mpopi, amayi a kuno ankatunga madzi m'khwawa, ana ankafa ndi m'mimba. Lero mukumwa madzi awo, mukubisala mvula m'shedi yawo, ndiye mukufuna muwataye ngati chinyalala? Ine ndikukana."

Anthu ambiri anaomba m'manja, ndipo zimene ananenazo zinali zoona.

Kenako anaimirira mayi Regina.

"Ine ndine Regina, mwana wa a Gabriel ogulitsa nthochi. Madziwo ndimamwa, sindikana. Koma pamene paima chipilalapo ndi pamene bambo anga anagonekedwa m'matope, ine nditagwira dengu lawo. Ndakhala chete moyo wanga wonse chifukwa tinaphunzitsidwa mantha. Lero mantha ndawasiya kunyumba. Mayi Helena, bambo anu akondeni, ndi bambo anu. Koma musandiuze ine kuti ndiziwasesera."

Ndiye kumbuyo kunadzuka bambo wina wa ndodo, nati nyumba yawo inatenthedwa chifukwa mpingo wawo sunkalola kugula khadi. Anadzukanso mayi wogulitsa usipa, nati amayi ake anabwezedwa pakhomo pa msika womwewu chifukwa khanda la kumsana linalibe khadi. Anthu amene takhala nawo zaka zonsezi, tikubwerekana chenje ndi mchere, aliyense anali ndi bala lake lobisa. Ena a ife tinagwetsa nkhope ndi manyazi pokumbukira mmene tinkamusekera mayi Regina pa chitunda chija.

Mtsikana wina wa ku koleji anaimika dzanja. "Koma mukachichotsa, ife obadwa dzulo tidzadziwa bwanji? Ine zonsezi ndazimva lero."

"Chipilala chakhala pamenepo chibadwire iwe," anayankha a Haruna. "Chinakuuzapo chiyani?"

Mkangano unatenga nthawi, mawu ena anali owawa, koma palibe anatukwana kapena kukunga chibakera. Pomaliza akhansala anati anthu aimike manja. Ambiri anagwirizana kuti mutu wa simenti uperekedwe kwa achibale mwaulemu, akauike pamanda a malemu. Chipilala chitsale, koma pakhomedwe chitsulo cholembedwa zonse ziwiri: kuti a Makwinja anabweretsa madzi ndi shedi, komanso kuti pamalo amenewa anthu ankazunzidwa chifukwa cha khadi, ndipo zisadzachitikenso. Mwambo wokakamiza kusesa unathera pomwepo.

Musaganize kuti zinatheka mawa lake. Ku khonsolo zinthu zimayenda pang'onopang'ono, ndipo mayi Regina ndi a Haruna anapitako maulendo angapo mpaka alonda anawaloweza nkhope. Koma chilolezo chinatuluka. Tsiku lochotsa, ntchito anaipereka kwa Yakobe yemwe uja. Anadula zitsulo za m'khosi mosamala, mutuwo osang'aluka ngakhale pang'ono, naukulunga m'nsalu yoyera n'kuupereka kwa mayi Helena ndi manja awiri. Mayi Helena analandira misozi ili m'maso. Mpaka lero sagula tomato pa benchi ya mayi Regina, ndipo palibe amene amawaumiriza.

Makondakita ndi anthu osachedwa. Mutu utachoka, anayamba kuitanira kuti pa Mpopi. Tsiku lina m'mawa, minibasi itafika siteji ya kumunsi ija, kondakita anatsegula chitseko mwachizolowezi n'kuyamba kutsitsa dengu.

"Libwezere," anatero mayi Regina.

"Simutsika pano, mami?"

"Ayi. Ndikatsika pa Mpopi." Ananena mokweza, galimoto yonse inamva. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, anatsikira pakhomo pa msika ngati wina aliyense, ndipo Yakobe anali ku shopu kwake akuwotcherera geti, osati m'chitokosi cha apolisi.

Uthenga wake ndi uwu. Ngati chipilala, chiboliboli kapena dzina la malo likulemekeza munthu amene anazunza anthu, muli ndi ufulu wokana kuligwadira, ndipo musalole wina akutsekeni pakamwa. Koma musaphwanye. Pitani kwa akhansala, pemphani msonkhano, nenani zoona zanu poyera, ndipo mverani nawonso a mbali inayo. Mbiri ya dera ndi ya anthu onse, choncho zoichotsa, zoisiya kapena zoilemba bwino zigamulidwe ndi anthu onse.