Pampu ya Enelesi Inagona Kuti?

Kachewere akayamba maluwa safuna nkhani, amafuna madzi. Wa Enelesi anali atayamba maluwa sabata imeneyo, mizere makumi awiri ndi inayi m'dimba la kumunsi kwa mudzi wawo, kufupi ndi Lizulu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mbatata imeneyi ndiyo inali feteleza wa chimanga chawo, ndiyonso inali chakudya cha ana m'Januwale. Ndiye masana a tsiku la msika mwamuna wake Maynard anatulukira pa njinga yamoto, kumbuyo kuli zingwe zokhazokha. Pampu yothiririra imene anapita nayo kokonzetsa kunalibe.

"Bambo a Atikonda, pampu ili kuti?" anafunsa Enelesi.

"Atenga apolisi pa rodibuloko."

"Atenga? Yalakwa chiyani?"

Maynard anafotokoza akukanda m'mutu. Anamuimitsa chifukwa sanavale chisoti cha panjinga. Pamenepo analakwadi, ndipo sanakane. Koma wapolisi mmodzi anazungulira kumbuyo, n'kugogoda pampu ndi chala, n'kufunsa kumene ikuchokera. Maynard anayankha zoona, kuti ikuchokera kwa Fyson makaniko, tsidya la msewu. Pa Lizulu msewu ndiwo malire, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique, ndipo anthu amawoloka kangapo patsiku ngati akupita kukapala moto kwa mnansi. Wapolisi uja anati ndiye kuti pampuyo yalowa m'dziko mozemba. Kenaka anasintha, anati mwina ndi yakuba. Anaimasula yekha n'kuiika m'galimoto.

"Anakupatsani pepala?"

"Ayi."

"Dzina lake ndani?"

"Aa, mayi a Atikonda, munthu wa yunifomu ndikamufunse dzina? Ndinangoti zikomo bwana, n'kumabwera."

Zikomo! Munthu akukulanda chinthu chako dzuwa likuwala, iwe manja kumbuyo n'kumuthokoza. Ife akuno tinaleredwa bwino mpaka kupyola muyeso. Tinaphunzitsidwa kuti wamkulu safunsidwa dzina, ndipo ena anaona kuti ulemu wathuwu ndi munda woti azikololamo. Enelesi anapsa mtima, koma sanadziwe woti amukalipire, wapolisiyo kapena mwamuna wake.

M'mawa mwake Maynard anabwerera ku rodibuloko. Anapezako nkhope zina.

"Bwana wanuyo dzina lake ndani?" anamufunsa apolisiwo atawafotokozera nkhani yake.

"Wamtali choncho, wonenepa pang'ono."

Anamuseka. "Tonsefe ndife aatali. Bwerani mawa."

Anapita mawa lakelo, anapitanso mkuja. Tsiku lililonse ankaima pambali pa msewu kuyambira m'mawa, malole a kabichi akumuthira fumbi, kudikira munthu amene sankamudziwa dzina. Tsiku lachinayi wina anamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti zinthu zotere siziyenda ndi pakamwa pouma.

Nthawi yonseyi Enelesi ankathirira ndi ndowa. Chitsime chili kumunsi, dimba limakwera chitunda. Ankayamba kusanatenthe, n'kumasenza mpaka khosi kuuma, koma ndowa si pampu. Mizere ya kufupi ndi chitsime inkamwa. Ya kumtunda, m'mbali mwa njira, inayamba kugwetsa makutu, maluwa n'kumayoyoka.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Enelesi pobwera kudimba anapeza mwamuna wake akumanga miyendo tambala wawo wamkulu.

"Ameneyo akupita kuti?"

"Ndikawapepese mabwana aja."

"Mukapepese chiyani? Atilanda pampu, tiwaonjezere ndiwo? Musiyeni tambala wanga!"

Anayamba kulimbirana, wina wagwira mapiko, wina miyendo, tambala akulira ngati waona mpeni. Phokosolo ndilo linaitana mnansi wawo, mayi Edna Ngozo, amene aliyense amangowatchula kuti aNangozo. Mayiwa amagulitsa anyezi pamsika, komanso ali m'komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndipo anaphunzitsidwako za malamulo. Atamva nkhani yonse anawomba m'manja kamodzi.

"Masiku asanu ndi limodzi! Ine ndili pakhomo pomwepa, inu osanena? Safunsa anadya phula, achimwene. Masulani nkhukuyo, khalani pansi."

Maynard anamasula tambala n'kukhala pa mpando.

"Choyamba," anatero aNangozo, "apolisi ali nayo mphamvu yogwira katundu ngati akumukayikira kuti ndi wakuba kapena ndi umboni wa mlandu. Zimenezo tisakane. Koma katundu wogwidwa sakhala wawo. Amayenera kulembedwa m'buku ku siteshoni ndi kusungidwa komweko. Inuyo munayenera kufunsa chifukwa chake, dzina kapena nambala ya wapolisiyo, siteshoni imene akuchokera, ndi pepala losonyeza chimene watenga."

"Si mwano umenewo?" anafunsa Maynard.

"Mwano uli pati? Mukasiya chimanga kuchigayo simufunsa amene mwamusiyira? Mumafunsa mwaulemu, osakalipa, osalimbana naye. Akakana kukuuzani, mumasunga m'mutu tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya galimoto yawo, n'kukalemba mukangofika."

"Nanga poti zonsezo sizinachitike?" anatero Enelesi. "Basi yapita?"

"Sinapite. Koma ku rodibuloko musapitenso. Kumeneko anthu amasinthana, ndipo kulibe buku. Nkhani yanu ili ku siteshoni, kwa mkulu wa pamenepo. Ndipo musapereke kanthu kwa munthu aliyense. Chiphuphu ndi mlandu kwa wolandira ndi woperekanso. Tambala uyu akanakumangitsani."

Maynard anayang'ana tambala uja, amene tsopano anali kutolatola pabwalo.

"Lisiti ya pampu muli nayo?"

Enelesi anapukusa mutu. Anaigula ku Lilongwe zaka zinayi zapitazo, ndipo lisitiyo inadyedwa ndi chiswe pamodzi ndi katoni yake.

"Si lisiti yokha imene imachitira umboni," anatero aNangozo. "Ndani wina akuidziwa pampuyi?"

Apa mpamene anakumbukira kuti mlangizi wa zaulimi analemba nambala za mapampu onse a m'kalabu yawo ya ulimi wothirira. Fyson nayenso waikonza kangapo konse. Tsiku lomwelo aNangozo anawalembetsa papepala zonse zimene zinachitika, tsiku, nthawi ndi malo. M'mawa mwake Maynard anakatenga kalata kwa mlangizi yokhala ndi nambala ya pampu, n'kukapempha Fyson kuti awaperekeze. Fyson anadandaula kuti atseka shopu tsiku lonse, koma anavomera.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anafika ku siteshoni anthu anayi. Wapolisi wa pakauntala anamvetsera theka la nkhani n'kunena kuti abwere mawa.

Maynard anali atatembenuka kale. Enelesi anamugwira malaya.

"Pepani achimwene," anatero Enelesi kwa wapolisiyo, osabwerera m'mbuyo. "Mawa amenewo tawadya sabata yathunthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mbewu yanga ikufa. Tikufuna kuonana ndi mkulu wa siteshoni ino, ndipo tidikira."

Anakhala pa benchi maola awiri. Kenaka anawalowetsa mu ofesi ya mkuluyo, mayi wa magalasi wosachulutsa mawu. Anawerenga pepala lawo ndi kalata ya mlangizi. Anamufunsa Fyson mafunso angapo, ndipo Fyson anatchula ndi chogwirira chomwe anawotcherera chaka chatha. Ndiye mkuluyo anaitanitsa buku la katundu wogwidwa. Anatsegula tsamba la tsikulo, anabwerera m'mbuyo, anapita kutsogolo. Pampu munalibemo.

Anaitanitsa buku lina, la amene anagwira ntchito pa rodibuloko tsiku limenelo. Anawerenga mayina chamumtima n'kuvula magalasi.

"Mubwere mawa pa eyiti koloko," anatero.

"Zikomo mayi," anatero aNangozo. "Koma mawa ameneyu timupemphe akhale wolembedwa. Mutilembere kuti dandaulo lathu mwalilandira."

Mkuluyo analemba, n'kusayina, n'kudinda.

Ali m'njira aNangozo anawauza kuti zikakanika pamenepa njira sinathe. Munthu angathe kukadandaula kwa akuluakulu a polisi a m'boma lonse. Angathenso kupita ku khoti la majisitireti kukapempha kuti lilamule katundu wake abwezedwe, ndipo amene alibe ndalama ya loya angapemphe thandizo ku ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu. Liliponso bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi.

Koma sizinafike kumeneko. M'mawa mwake pampu inali pakhonde la siteshoni, ndipo pambali pake panaima wapolisi wamtali uja, maso ali pansi. Fyson anawerenga nambala, inafanana ndi ya m'kalata. Enelesi anagwada kuti aione bwino. Kunsi kwake kunali matope akuda. Anawakhudza ndi chala. Anali aawisi.

Anaimirira pang'onopang'ono, chala chili m'mwamba, n'kuyang'ana mkulu wa siteshoni.

"Mayi, taonani. Pampu iyi inachoka kwa makaniko yotsukidwa. Mvula sinagwe chiyambire Epulo. Matope awa achokera kuti?"

Enelesi anatembenukira kwa wapolisi wamtali uja.

"Ine ndathyoka msana ndi ndowa masiku asanu ndi anayi, mbewu yanga ikupsa, pampu yanga ikuthirira dimba la munthu wina! Inu achimwene, amene munati ndi yakuba, wakuba ndani pamenepa?"

Maynard, amene masiku onsewa ankangoti bwana, bwana, anayandikira wapolisiyo.

"Ndikufuna dzina lanu ndi nambala yanu," anatero. "Ndilembe."

Mkulu wa siteshoni ndiye anatchula dzinalo ndi nambala, momveka bwino, Maynard akulemba. Anawauza kuti zimene zinachitikazo ndi zosemphana ndi ntchito ya polisi, ndipo anawapempha kuti alembetse dandaulo lonse kuti nkhaniyo ifufuzidwe. Analembetsa, matope omwewo n'kulowa m'dandaulomo. Asanasayinire kuti alandira katundu wawo, aNangozo anati Fyson ayambe wailiza pampuyo pamaso pa onse. Inalira bwinobwino.

Panatsala nkhani ya chisoti. Maynard analipira chindapusa chake pa ofesi, n'kulandira lisiti ya boma. Pamenepo sanadandaule, poti analakwadi. Tsiku lomwelo anagula chingwe chatsopano cha chisoti chake chimene chinkangokhala pa msomali.

Madzulo asanafike madzi anali akuthamanga m'mizere. Mizere khumi ndi isanu ndi itatu inadzuka patapita masiku atatu, ndipo inabereka. Isanu ndi umodzi ya kumtunda inali itapita. Masamba anali atauma ngati fodya, ndipo pofukula pansi anangopeza timbatata tonga mazira a njiwa. Pamenepa Enelesi analira, chifukwa mizere imeneyo sinaphedwe ndi dzuwa lokha.

Maynard anabwera ndi khasu kuti aizule adzalemo mpiru.

"Isiyeni kaye," anatero Enelesi.

Inakhala choncho mwezi wathunthu, youma, m'mbali mwa njira imene anthu amadutsa popita kumsika. Aliyense wodutsa ankaima n'kufunsa kuti kachewere ameneyu wadwala chiyani, pamene mnzake kumunsiku ali wobiriwira. Enelesi ankaweramuka n'kuwayankha.

"Sanadwale. Apolisi anatigwirira pampu, ife n'kutaya sabata tikupempha pamsewu. Akakugwirirani katundu, funsani chifukwa, funsani dzina ndi nambala, pemphani pepala. Musapereke chiphuphu. Tsiku lomwelo pitani ku siteshoni ndi umboni wanu ndi mboni, mukaonane ndi mkulu wake, ndipo zikakanika pitani ku khoti. Ife titapita koyenera, pampu inabwera patangopita tsiku limodzi. Tikanapita tsiku loyamba, mizere iyi bwenzi ana anga akudya."