Nkhope ya Pawindo

Shopu yojambula zithunzi inali pakati pa famase ndi kanyumba kokonzeramo mafoni, ndipo windo lake linkayang'ana kumadzulo. Kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, kutentha konse kwa mumsewu kunkathera pagalasi limenelo. Kuseri kwa galasilo kunali chithunzi chachikulu cha mtsikana wovala diresi lofiira, atapendeketsa mutu, akuseka ngati munthu amene wangouzidwa kuti asaseke.

Diresilo anasoka ndi mayi ake, telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu kumunsi kwa msewu womwewo. Mtsikanayo anali mwana wawo wachisamba. Anachoka mu Epulo zaka zinayi zapitazo kukagwira ntchito ya m'nyumba kudziko lina, ndipo sanabwereko. Mawu ankatumiza pafoni ya mng'ono wake, zithunzinso ankatumiza, koma zinali ngati za munthu wina: yunifolomu yotuwa, mpango kumutu, milomo yotseka. Kuseka kuja kunatsalira pawindo.

Atelala ankadutsa pamenepo popita ndi pobwera. Chaka chachitatu anaona kuti diresi layamba kusuluka. Munthu wina sakanazindikira, koma iwo nsaluyo anaisankha okha, anaidula okha. Kufiira kunali kutha, masaya a mwanayo anayamba kuoneka ngati a munthu wozizidwa.

Mwini shopuyo anthu ankamutchula kuti a Musaphethire, chifukwa ndi mawu amene ankanena asanadine kamera.

"Mwabwera, apongozi!" anatero atawaona pakhomo tsiku lina mu Januwale.

"Mpongozi wanu ndani? Mutu wonse mbuu ngati mwagwera m'phulusa. Ndabwera za chithunzi chija. Ndigulitseni."

"Nkhani yomweija? Ndinakutsukirani china chaka chatha."

"Chija si mwana wanga. Nkhope munaisalaza ngati sopo."

A Musaphethire sanatsutse. Kompyuta imene munali chithunzi choyambirira inapsa magetsi atabwera ndi mphamvu, ndiye chimene anawapatsa chinali chithunzi cha chithunzi, chokonzakonza. Chenicheni chinali chimodzi chokha, ndipo dzuwa linali kuchidya.

"Khalani pansi, mayi, ndikuuzeni mmene timadyera kuno," anatero, akuwakankhira mpando. "Mukuganiza kuti ndimadya zithunzi zikuluzikuluzi? Chaka chatha chonse ndinajambula zitatu. Masiku ano aliyense ali ndi kamera m'thumba. Chimene chimalipira lendi ndi tizithunzi ta pasipoti ndi ta ziphaso. Pepala limodzi limatulutsa eyiti, ntchito yake yongodula ndi sizasi. Koma mashopu ojambula timeneti alipo anayi mumsewu uno. Munthu alowa muno chifukwa chiyani?"

"Ine ndidziwa bwanji?"

"Chifukwa cha mwana wanu. Atsikana amaima pagalasipo, amalowa, amafunsa kuti uyu ndani. Ine ndimati ali kunja, zake zinayera, anajambulitsa pampando womwe uwu. Mawa lake amabwera atapesa tsitsi. N'chifukwa chake ndinamujambula ulere. Tinagwirizana kuti chithunzicho ndi cha pawindo. Chikafwifwa ndidzakupatsani, simudzalipira kanthu."

"Chikafwifwa ndidzachitenge cha chiyani?"

A Musaphethire anakanda m'mutu. Sanali munthu woipa mtima, koma windo lopanda nkhope linali kwa iye ngati sitolo yopanda chitseko.

"Ndiye mundipezere nkhope ina. Ikakwera ina, iyi itsika tsiku lomwelo."

Atelala anatuluka ndi mawu omalizawo okha. Zina zonse zimene bamboyo anafotokoza anazisiya pampando paja. Zaka makumi atatu akusoka zinawaphunzitsa kuti chimene chimaimitsa munthu mumsewu ndi chovala chomugwira bwino mwini wake, ndipo anali otsimikiza kuti atsikanawo amakopeka ndi diresi. Nkhope anali nayo kunyumba. Chosowa chinali nsalu basi.

Mwana wawo womaliza, amene aliyense ankangomuti Mzime, ankagulitsa m'sitolo ya nsapato pangodya. Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, wamtali kuposa mkulu wake, ndipo pakamwa pake sipankatera ntchentche. Iye ndi mayi ake ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo bedi la wamkulu uja linali likadali poyalidwa, ngakhale kuti tsopano pankakhala milu ya zovala za makasitomala.

Lamlungu masana atelala anatulutsa tepi.

"Ima chilili. Tambasula manja."

"Ukwati wa ndani, amayi?"

"Palibe ukwati. Ukajambulitsa kwa a Musaphethire, asisi ako atsike pawindo paja abwere kunyumba."

"Ndiye ine mwandisandutsa chidole cha m'sitolo? Akandilipira zingati?"

"Akakulipira khofi ukapitiriza kugwedezeka. Bweza mimba."

"Mimba yake iti? Malipiro a nsapato angamere mimba?"

Mzime anaseka, koma kuseka kwake kunatha msanga. Anayang'ana bedi lija, nkutsegula pakamwa ngati anena kanthu. Mayi ake anali atawerama akuyeza mpendero, ndipo sanaone.

Nsalu anasankha yobiriwira, yolemera, yosachedwa kugwira kuwala. Anaisoka pakati pa ntchito za anthu, kolala anaimasula kawiri. Pakutha pa Febuluwale diresi linali litapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo pakhoma loyang'anana ndi makina osokera, pomwe dzuwa silifika, atelala anali atakhoma kale msomali.

Anapita Loweruka m'mawa. Chipinda chojambuliramo chinali chopanda windo, chonunkha fumbi lotenthedwa ndi magetsi. Kukhoma kunali nsalu ziwiri zokoka: ina yojambulidwa masitepe ndi maluwa, ina yoyera. A Musaphethire anakoka ya masitepe, namukhazika Mzime pampando.

"Ha, apongozi, munkabisa chuma chotere? Chibwano m'mwamba, mwana wanga. Phewa ili litsike. Musaphethire!"

Anadina kangapo. Atelala anaima pambali, mapini ali pakamwa, akuyang'ana ngati kolala yakhala bwino. Inali itakhala bwino. Pakanema wa kamera mwanayo anaoneka wokongola moti mtima wawo unachita kuwawa.

"Ntchito ndiye yagwirika," anatero a Musaphethire. "Koma pali kamodzi. Atsikana aja akafunsa kuti uyu ali kuti, ndinene chiyani? Kuti ali pangodya apa, akuyeza anthu mapazi?"

Anali kunena mwanthabwala, ndipo anayamba kuseka yekha. Mzime sanaseke. Anayang'ana manja ake.

"Munene kuti akupita," anatero. "Ndipo kokani nsalu yoyerayo, mundijambulenso ting'onoting'ono."

Atelala anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi.

"Ukupita kuti?"

"Asisi anandipezera malo, amayi. Nyumba yoyandikana ndi kumene akugwira. Anandiuza mu Disembala. Akufuna ndifike mu Meyi." Mawu ankatuluka mothamanga. "Ndimafuna kukuuzani, koma nthawi zonse mumakhala mukunena za chithunzi. Muno ndinkaopa kulowa, ndimati a Musaphethire akakuuzani. Ndiye mwandibweretsa nokha."

A Musaphethire anayang'ana pansi, kenako anatuluka. Kunamveka kukwekwesa kwa chimango pagalasi. Anabwera atanyamula chithunzi chija, nachipukuta fumbi ndi mkono wa malaya ake, nachipereka kwa atelala.

Atelala anachilandira ndi manja awiri. Chinali chopepuka kuposa mmene ankaganizira. Pafupi chonchi kusulukako kunkaoneka kwambiri: diresi linali ngati nyama yotsukidwa, tsitsi linali litapita kubuluu. Koma mano, ndi kachipsera ka pachibwano kamene mwanayo anadzitema pa chitsulo cha makina ali wamng'ono, zonse zinalipo. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, nenani kanthu," anatero Mzime.

Mayi ake anatsamiritsa chithunzicho kukhoma, nkhope itayang'ana mkati. Anapita pomwe panali mwanayo, nakankhira tsitsi lake kuseri kwa makutu, monga ankaonera pa tizithunzi ta anthu opita. Dzanja lawo linakhalitsa pang'ono pakhosi pake.

"Kumeneko kumazizira mwezi wanji?"

"Asisi akuti kuyambira Novembala."

"Ndiye pafunika jekete la nsalu ziwiri. Khala bwino, anthu akujambule."

A Musaphethire anakoka nsalu yoyera, masitepe ndi maluwa zinabisika.

"Apa ndiye osaseka, mwana wanga. Ta pasipoti safuna mano."

Mzime anatseka milomo. Atelala anaona nkhope imene izidzabwera pafoni, ndipo anatembenukira kwa bamboyo asanadine.

"Chachikulu chija, cha diresi lobiriwira, mutsuke ziwiri. Lero lomwe, kompyuta yanu isanapsenso. Chimodzi ndilipira ine."

"Pepala lalikulu latsala limodzi, mayi. Lina lifika Lachitatu."

"Ndiye windo lanu lidikire Lachitatu."

A Musaphethire anasuzumira pakhomo, nayang'ana kuwindo kumene kunali kopanda kanthu, kenako anabwerera pakamera nkudina. Atelala anakoka mpando, nakhala pafupi ndi makina otsukira zithunzi, chikwama chili pamiyendo, kudikira kuti pepala lituluke.