Mizere Yokhota ya Fanizo

Chimfine chija tinayamba kuchimvera pa wailesi, chili kutsidya kwa nyanja, ife n'kumaseka kuti chikadzafika kuno ku Tsangano chidzafa chokha ndi chisanu. Kenako wailesi inati chalowa mu Lilongwe ndi Blantyre. Patapita masabata anayamba kutchula maboma ena motsatizana, ngati kondakitala akutchula masiteji, ndipo tonse tinadziwa kuti siteji ya Ntcheu siili patali. Sukulu zinatseka. Pamsika panaoneka zidebe za mpopi, ndi sopo womangirira pachingwe kuti asamere miyendo. Telala wathu anasiya madiresi n'kuyamba kusoka zophimba kukamwa, moti theka la mudzi linkayenda ndi chitenje chimodzimodzi pankhope.

Ine ndine Veronica. Ndimalima kachewere n'kumagulitsa pamsewu, ndipo ndimasunga amayi anga, aNanyoni, amene maso awo anachita ng'ala zaka zisanu zapitazo. Musafulumire kuwamvera chisoni. Maso anapita, koma pakamwa panatsala mphamvu zonse. Anthu amawazindikira ndi manja. Ukawapatsa moni amagwira dzanja lako, kulisisita mpaka pachigongono, kenako n'kukuuza dzina lako, ndiponso kuti wanenepa chifukwa cha ulesi.

M'mwezi wa Juni mlongo wanga Fanizo anaimba foni kuti akubwera. Anali atatha zaka khumi ndi chimodzi ku Joni osaponda kumudzi. Ntchito yake yotsuka magalimoto inatha ndi mliriwo, ndiye anakwera mabasi amene ankabweza anthu kwawo. Pafonipo ankakhosomola, n'kumati ndi fumbi la m'njira.

Mlangizi wa zaumoyo wa kwathu, a Julius, anafika pa njinga Fanizo asanatsike n'komwe galimoto.

“Masiku khumi ndi anayi payekha,” anatero. “Mbale yake, kapu yake, bulangete lake. Koma makamaka aNanyoni asayandikire. Mphumu yawo mukuidziwa, Mayi Veronica. Akachitenga chimenechi, sitidzakamba zambiri.”

Tinamukonzera malo m'chisakasa cha kudimba, mosungira mbewu ya kachewere. Munthu anafika ndi zikwama zitatu ndi nsapato zosongoka, n'kukagona pakati pa matumba. Ine ndinapita kwa amayi, ndinagwada pafupi nawo, ndipo ndinatsitsa mawu mwaulemu monga tinaphunzitsidwira.

“Amayi, achimwene afika. Koma sakupeza bwino pang'ono. A zaumoyo ati tidikire kaye, simungawaone panopa.”

Apa ndi pamene ndinaphonya. Ndikanangofuula.

Masana amenewo anansi anabwera kudzafunsa za mlendo. Poopa matenda, aliyense anaima kutali ndi khonde, manja kumbuyo, akulankhula motsitsa kuseri kwa nsalu. Palibe amene anapereka dzanja kwa aNanyoni. Atapita, amayi anandiitana.

“Veronica, thupi likubwera liti?”

“Thupi la yani, amayi?”

“Usandiyese mwana. Bambo ako atafera mumgodi, iwe uli ndi zaka zinayi, Fanizo ali kumsana, alamu anga anabwera kudzagwada pamene wagwada iwepo. Anati matenda akula pang'ono, tidikire kaye. Ndinadikira masabata awiri, anthu akunong'onezana pabwalo langa, munthu atakwiriridwa kale kudziko la eni. Bodza limeneli ndikulidziwa. Inenso ndatumidwapo kukalinena kwa anthu asanu ndi awiri, ndipo ndimalinena bwino kuposa iwe.”

Ndinalumbira. Ndinatchula Mulungu, ndinatchula manda a bambo. Iwo anangomanga duku lawo lakuda, n'kukhala pamphasa chakukhoma. Madzulo mbale yawo inabwerera monga inapitira.

M'mawa mwake ndinawagwira mkono mpaka pampanda wa dimba. Fanizo anatuluka m'chisakasa, n'kuima patali monga a Julius analamulira. Atawaona amayi, atakalamba chotero, anafuula misozi ili m'maso.

“Mama! Eishi, mama, ndine Fanizo!”

Amayi anapendeketsa mutu.

“Mwana wanga sananditchulepo mama. Ndipo mawu ake ndi opyapyala. Iyi ndi ng'ombe. Waitenga kuti, Veronica?”

“Ndakula, amayi! Ndiye ndi chifuwachi!”

“Ngati ndiwe, bwera ndikugwire.”

Fanizo anaponya phazi. Ine ndinakuwa kuti aime pomwepo, ndipo anaima.

“Mwaona?” anatero amayi, osakwiya n'komwe. “Wamoyo amagwiridwa.”

Tinayesa zonse. Fanizo anatchula dzina la ng'ombe yathu yoyamba, anatchula mtengo wa pichesi umene anagwamo, anatchula tsiku limene amayi anamuthamangitsa ndi mthiko mpaka kutchalitchi. Amayi ankangogwedeza mutu kuti Veronica waphunzitsa bwino mwana wasukulu wake. A Julius, amene anabwera kudzamuyeza kutentha kwa thupi, anati nanga bwanji mluzu, poti mudzi wonse unkadziwa mluzu wa Fanizo poitana mbuzi. Mlongo wanga anatsitsa nsalu, anakoka mpweya, n'kuuzira. Kunatuluka mphepo yokha ndi malovu. Mpata wa mano umene unkaliza mluzuwo anakautseka ku Joni ndi dzino lagolide.

A Julius anaseka mpaka anagwetsa njinga. Inenso ndinaseka, sindikana. Amayi anati, “Tiye kunyumba, mlendoyu apume.”

Koma pofika tsiku lachinayi kuseka kunandithera. Amayi ankamwa madzi okha, mwina masipuni awiri a phala ndikawakakamiza. Pakamwa paja, pamene palibe anapatsekapo, panakhala zii. Sanandinyoze ngakhale kamodzi za mchere m'ndiwo, ndipo ine ndinachita mantha kwambiri. Ndinaona kuti ndikawatsekereza, andifera ndi chisoni cha maliro a munthu amene akudya nyemba kudimba. Ndikawalola akamugwire, mwina andifera ndi chifuwa. Ndinapita kwa a Julius kukawapempha kuti mwina dzanja lokha, kamodzi kokha.

“Zotsatira za kuyezetsa matendawa zabwera,” anandiuza. “Achimwene anu ali nacho. Iwo achira, ndi anyamata. Koma dzanja ayi, Mayi Veronica. Ngakhale chala.”

Tsiku lotsatira ndinapeza amayi atafika kale pakati pa njira ya kudimba, okha, ndi ndodo yawo. Ankati akukagwira nkhope ya mlendoyo kuti nkhani ithe, ayambe kulira mwana wawo poyera. Nditawatchinga, anandimenya ndi ndodoyo pamsongolo. Ndinakondwa ndithu. Munthu amene akutha kumenya sanathe.

Apo n'kuti wodwala wathu akuchira moonetsa mwano. Kudzifukiza ndi masamba a bulugama, tiyi wa ndimu ndi jinja, zonse zinalowa, ndipo chifuwa chinayamba kutsika. Njala ndiyo inakwera. Ndikasiya mbale pampanda, ndisanatembenuke n'komwe, ankafuula kuti kodi palibe zotsala. Ankadandaula za chisanu, za makoswe, za netiweki, ndiponso kuti ku Joni munthu sangagonekedwe pa matumba. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mtima unandikwera. Ndinatenga khasu n'kuliponya kudutsitsa mpanda.

“Achimwene, mukudya za anthu atatu, zanu, za amayi ndi za makoswe. Chigawo icho chikufuna mizere ya kachewere. Limani, mutenthedwe.”

“Achemwali, ine ndi wodwala!”

“Wodwala amasiya nyemba m'mbale.”

Analima, chifukwa panalibe china chochita. Ine ndinakaona ntchitoyo m'mawa mwake, ndipo ndinagwira m'chiuno. Anthuni, dimba langa! Mzere uliwonse unayamba bwino, woongoka mwaulemu, koma ukafika chakumapeto unkapatuka ngati woledzera waona bawa. Zibuma zosaphwanya zili mbwee. Ndinabwerera kunyumba ndikuyankhula ndekha, ndinaponya chidebe pansi, n'kuyamba kudandaulira mphika.

“Zaka zonsezi kudziko la eni, kubwera kudzandionongera dimba! Mizere isanu ndi itatu, yonse yokhota!”

Kenako ndinamva mawu a amayi, ofooka, akuchokera kukhoma kuja.

“Yakhotera kuti?”

“Kumanzere, amayi. Kumapeto.”

“Yonse?”

“Yonse.”

Mphasa inalira. “Ndipatse ndodo yanga.”

Ndinathamangira a Julius kaye, chifukwa sindinafune mlandu. Anakanda mutu, kenako anati dothi silikhosomola, bola mwini chifuwa akhale kutali ndipo amayi akasambe m'manja ndi sopo pobwera. Fanizo tinamuuza alowe m'chisakasa, aziyang'anira pakhomo, asatuluke ngakhale kugwe mvula ya matalala.

Pofika m'dimba amayi anavula sofiya wawo n'kundipatsa kuti ndinyamule. Kunja kunali chisanu cha ku Tsangano, chija cholasa m'mafupa, koma iwo anaponda dothi ndi mapazi opanda kanthu, n'kulowa mu ngalande ya pakati pa mizere iwiri. Anakana kuti ndiwagwire. Ankayenda pang'onopang'ono, phazi lililonse likufufuza, nthawi zina n'kuwerama kuti asisite mzere ndi dzanja.

“Khasu likugwera mbali iyi,” anatero. “Wamanzere.”

Anapita patsogolo, anatola chibuma, anachifinya, n'kuchitaya. “Saphwanya. Akuti mvula idzaphwanya yokha.”

Atayenda mapazi khumi anaima pamalo pamene dothi linali lopondedwa kwambiri. Anazungulizapo chidendene.

“Apa anaima, anatsamira mpini, akuyang'ana kumsewu kuti kukudutsa ndani.”

Ndinayang'ana kuchisakasa. Fanizo anali atagwira pakamwa. Mapazi ena khumi, amayi anapezanso malo ena otero, ndipo anangoti, “Apanso.” Kenako anafika pamene mzere unayamba kupatuka. Mapazi awo anautsata, kukhotera kumanzere, kukhoterabe, mpaka unakathera pafupi ndi mpanda, kumene mzere wa munthu wanzeru sungafike. Anaima pamenepo nthawi yaitali, atatipatsa msana. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ine sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo nditayandikira ndinapeza kuti ndi zonse ziwiri.

“Dzina la ng'ombe munthu angathe kuuzidwa,” anandiuza chapansipansi. “Koma kulima moipa chonchi n'kobadwa nako.”

Kenako anatembenuka, anakoka mpweya wonse umene mphumu inawasiyira, n'kukuwa mpaka akhwangwala anauluka m'mitengo.

“Fanizo! Mlesi iwe! Zaka khumi ndi chimodzi kudziko la eni, sunaphunzirebe kuunda mzere? Ndi chiyani ichi wandichitira m'dimba la mwana wanga?”

Ndipo bambo wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wa ndevu zake ndi dzino lagolide, anayankha ndi timawu topyapyala, asanaganize n'komwe.

“Si ine, amayi! Ndi khasuli, mpini wake ndi wokhota!”

“Mwamva?” anatero amayi kwa a Julius, misozi ikutsikira kuchibwano. “Kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mpini sunaongokebe.”

Fanizo anakhala pansi pakhomo la chisakasa n'kulira mokweza ngati mwana wosiyidwa pamsika. A Julius anayamba kupukuta magalasi amene sanali akuda. Ine ndinali nditakumbatira sofiya wa amayi pachifuwa, osadziwa kuti ndamukumbatira. Mtima wanga, umene unali utauma kwa sabata yathunthu, unamasuka.

“Wawonda kapena wanenepa?” amayi anafunsa.

“Anenepa, amayi,” ndinayankha.

“Ulesi. Atsala masiku angati?”

“Asanu ndi awiri,” anatero a Julius.

“Ndinadikira khumi ndi anayi munthu atafa. Asanu ndi awiri a wamoyo sangandivute. Iwe Fanizo, usayandikire kuno, ungandipatse chifuwa chako cha ku Joni.” Kenako anandicheukira. “Nanga iwe, Veronica, unapangana ndi ndani kuti undiphe ndi njala? Sabata yonse phala lamadzi! Kaphike kachewere wa tomato, ndipo mchere uuone bwino, dzulo unachulutsa.”

Dzulo lake sanalawe kanthu, koma sindinatsutse. Ndinawaveka sofiya, ndinawasambitsa m'manja pachidebe, kenako ndinatenga khasu lina kuti pobwerako ndiyambe kuongola mizere ija dzuwa lisanakwere. Amayi anamva chitsulo chikukhudza mwala.

“Ukutani?”

“Ndikufuna ndikonze mizereyi, amayi. Tikabzala chonchi madzi sayenda bwino.”

Anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza mpini, n'kuugwira zolimba.

“Siya. Mutu wa nkhalamba sukhulupirika. Mawa ndikadzuka n'kuyambanso kukayika, ndidzabwera kudzaipondanso.”

Ndipo ankabweradi, m'mawa uliwonse kwa masiku asanu ndi awiri, chisanu chisanathe. Ankavula sofiya pampanda, n'kulowa mu ngalande, n'kuyenda mpaka pokhota paja. Akafika pamenepo ankaima pang'ono, kenako n'kufuulira kuchisakasa kuti, “Wadzuka bwanji, mwanangu?”