Katani ya M'shedi ya Matimati

Mwamuna wanga atamwalira, alamu anga a Gwang-pil anabwera kuchokera ku mzinda wa Daejeon ndi nsapato zonyezimira, nanena kuti shedi yapulasitiki ya matimati ndi yawo, poti malowo anali a bambo awo ndipo iwo ndiwo achisamba. Kenako pa chakudya chotsiriza maliro, abale onse ali pomwepo, anawonjeza mawu.

"Mlamu, musadandaule, muzibwera kudzalongedza m'makatoni. Nanga zaka zonsezi ntchito yanu sinali kungokoka chingwe cha katani? Imeneyo ndi mwana yemwe angaithe."

Anthu anaseka. Ine ndinawathirira alamuwo mowa m'kapu mpaka kudzaza, mtima ukuwira.

Kataniyo ndi nsalu yochindikala imene timafunditsa pamwamba pa matimati kuti asazizidwe. Zaka makumi awiri wotsegula ndinali ine. M'mawa wa chisanu suitsegula yonse. Umayamba ndi mpata wa chikhatho chimodzi, n'kudikira kuti dzuwa lifunditse mpweya wozizira umene wagona pakati pa nsalu ndi denga. Ukaikoka yonse kamodzi, mpweyawo umagwera pa mbewu pamodzi ndi madontho ozizira a kudenga. Alamu sanafunse, ine sindinanene.

Mu Januwale, mwezi wozizira kwambiri kwathu kuno, chisanu chinaluma. M'mawa uliwonse ndinkakhala pakhomo pa shedi ndi mbatata yootcha, kuwaonerera akukoka chingwe mpaka kumapeto, mluzu uli pakamwa.

"Mwaona mlamu? Mphindi imodzi basi. Inu chinkakuchedwetsani n'chiyani?"

"Ukalamba, alamu," ndinayankha.

Nsonga zinayamba kufota, maluwa n'kuyoyoka. Kenako chuku chotuwa chinagwira masamba ndi zipatso zomwe. Anapopera mankhwala, anasintha feteleza, anatukwana makina otenthetsera, koma chingwe ankachikoka chimodzimodzi. Ndinkakondwa, sindibisa.

Mayi Bong-rye a shedi yoyandikana nafe anandikokera pambali. "Ok-bun, mfiti iwe, tangomuuza munthuyu! Matimati akulakwira chiyani?"

"Inuyo bwanji osawauza?"

"Ine? Anandinena kuti ndimalima ngati nthawi ya nkhondo. Aziona yekha."

Kumapeto kwa Febuluwale alamu anasiya kiyi wa shedi mu nsapato yanga pakhonde, osagogoda n'komwe, nakwera basi ya ku Daejeon. Shedi inabwerera kwa ine.

Ndinalowamo. Munkanunkha zowola, ndipo panalibe choti n'kupulumutsa, ndiye ndinayamba kuzula. Pa mzere wachitatu dzanja langa linakola pa ulusi womangira mbewu, ndipo ndinaona mfundo yake. Mwamuna wanga anali wamanzere, ankamanga mfundo yopotoka imene tonse tinkamuseka nayo. Mbewu zimenezi ndi zimene anawokera komaliza, akutsokomola, sabata ziwiri asanagonekedwe m'chipatala. Ine ndinazionerera zikufa masiku makumi anayi, mawu ozipulumutsa ali m'kamwa mwanga.

Ndinakhala pansi m'matopemo n'kulira. Mizere inali itatsala khumi ndi isanu ndi iwiri, ndipo woizula ndinali ine ndekha.